Azakhali anandikandira puff pastry

Puff pastry, mtanda wa fulawa ndi batala umene ukapsa umatupa n'kukhala timapepalamapepala, sionana maso ndi kutentha, ndipo mu Okutobala kuno ku Mufakose, mu Harare, khitchini imakhala itayaka 9 koloko isanakwane. Ndiye poti Loweruka limenelo masana kumabwera akuchimuna kudzaonekera za mng'ono wanga, ine ndinadzuka 4 koloko m'bandakucha kuti ndiyambe matati, timbale ta mtandawo tophika mu uvuni, a anyezi ndi tchizi, simenti ya pansi ikadali yozizira.

Ndinapanga mitanda iwiri. Uliwonse unalowa fulawa magalamu 250, batala magalamu 250, mchere theka la supuni yaing'ono, ndi madzi a m'firiji mamililita 125. Batala amadulidwa tizidutswa ngati nsonga ya chala, n'kuponyedwa mu fulawa ali gwa. Ukathira madzi umangosonkhanitsa ndi mpeni kuti zigwirane, basi. Mtandawo umaoneka wonyansa, wamabuluma, batala akuonekera paliponse, ndipo umayenera kuoneka choncho. Kenako umauyala ndi botolo mpaka ufike masentimita 45 m'litali ndi 15 m'lifupi, n'kuupinda patatu, kuutembenuza kuti mbali yotseguka ikuyang'ane, kuyalanso, kupindanso. Ukatero uukulunge m'pulasitiki upume m'firiji mphindi 30, ndiye ubwereze kuti kupindako kukwane kanayi. Mulibe yisiti, mulibe soda. Chimene chimatupitsa ndi madzi a mu batala ndi a mu mtanda: akakumana ndi moto waukali amasanduka nthunzi, nthunziyo n'kukankha timapepala ta mtanda timene batala anatilekanitsa. Batala akasungunuka asanalowe mu uvuni, amalowerera mu fulawa ndipo timapepalato timamatana. Ntchito yonse ya m'mamawa ija n'kungoteteza zimenezi.

Anyezi ndinagula dzulo lake ku Mbare Musika, kilogalamu yathunthu. Ndinamudula mopyapyala n'kumuika m'chiwaya ndi batala masupuni awiri ndi mchere pang'ono, moto wapansipansi, mphindi 40, kutakasa apo ndi apo. Anthu amafulumira pamenepa, amakweza moto, anyezi n'kupserera kunja m'kati ali ndi madzi, ndipo madziwo amakatulukira pa tati n'kunyowetsa pansi pake. Wakupsa bwino amafota kutsala kambale kamodzi, wofiirira, wotsekemera yekha popanda shuga. Pomaliza ndinathira supuni ya viniga, n'kumuyala pa mbale yaphwatalala kuti azizire. Tchizi cha cheddar magalamu 300 ndinachipala n'kuchibwezera m'firiji.

Mtanda umodzi ndinaubisa kuseri kwa mabotolo a madzi oundana, amene timasunga kuti firiji isafunde magetsi akathima. Winawo unali kutsogolo, pa mbale. Nthawi ili cha m'ma 9 ndinaona kuti mazira atha, ndinathamangira ku mashopu.

Tsopano m'nyumbamo munali azakhali, alongo awo a bambo, amene anafika Lachinayi pa basi kuchokera ku Dedza kudzera ku Tete ndi Nyamapanda kudzakhala nawo pa mwambowu. Mayi amenewa aphunzitsa ana awo onse ndi ndalama za mandasi. Dzanja lawo likagwira ufa, ufawo umadziwa kuti wakumana ndi mwini wake.

Pobwera ndinawapeza atakhala pakhonde, akupukuta m'manja ndi chitenje, nkhope ili ngwee.

"Mwana wa achimwene, bwera kuno. Ndakupulumutsa."

"Mwandipulumutsa ku chiyani, azakhali?"

"Ufa uja unausiya m'firiji. Mabuluma okhaokha! Akuchimuna akanaona zimene zija akanati banja lino akazi ake ndi aulesi. Ndaukanda mpaka wasalala. Komanso ufa sautupitsira pozizira, anakuphunzitsa ndani?"

Ndinafunsa kumene unali, mawu akutuluka theka. Analoza ndi mlomo kuseri kwa nyumba. Beseni linali pamwamba pa thanki ya madzi, padzuwa, litafundidwa bulangete. Nditavundukula ndinapeza mtanda wosalala bwino, wonyezimira, utakhala pakati pa dziwe lachikasu. Batala amasungunuka kutentha kukangopitirira madigiri 30 pang'ono, ndipo pansi pa bulangete lija panali poposa pamenepo. Batala wa madola angapo anali kusambira, nyerere zitayamba kale kufola.

"Wachedwa kutupa," anatero azakhali ali kumbuyo kwanga. "Yisiti wakuno ngwofooka. Ndawonjezera paketi ina."

Munthu sukalipira azakhali, makamaka tsiku limene iwo ndi amene akalankhule m'malo mwa banja. Ndinati zikomo kwambiri, n'kulowa m'bafa kukaluma thaulo.

Kukanda kumawononga pawiri. Kutentha kwa manja kumapaka batala mu fulawa, ndipo kukandako kumalimbitsa gluten, ulimbo wa mu fulawa, moti mtanda umakhala wokoka, ukauyala umabwerera. Palibe firiji imene ingabwezeretse timapepala tija. Ndinawauza azakhali kuti mtanda wawowo, poti wakandidwa mwaluso chotero, ndi bwino auone okha chochita nawo. Anavomera mwansangala, natenga theka la anyezi ndi theka la tchizi osapempha.

Ine ndinatulutsa wobisika uja, nditatseka chitseko cha khitchini ndi mpando. Uvuni ndinauyatsa pa madigiri 200 n'kuusiya mphindi 20 kuti utenthe zenizeni, thireyi ili momwemo. Uvuni wofunda umasungunula batala nthunzi isanapangike, ndiye tati imakazingika m'mafuta ake m'malo mokwera. Ndinayala mtanda mpaka kukhuthala mamilimita 4, n'kudula mabwalo a ngodya zinayi 12, masentimita 10 mbali iliyonse. Mpeni uzikhala wakuthwa, uziutsitsa molunjika osaukoka, chifukwa kukoka kumatseka m'mphepete ndipo mbali imeneyo sikwera. Pa chidutswa chilichonse ndinalemba mzere ndi nsonga ya mpeni sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, osaboola mpaka pansi, ndipo m'kati mwa mzerewo ndinabayabaya ndi foloko kuti pakati pasatukumuke. Tchizi pang'ono pansi, supuni ya anyezi wozizira, tchizi china pamwamba. Dzira lomenya limapakidwa pa mkombero pokha, ndipo lisayenderere m'mbali modulidwa muja, chifukwa likauma limamata timapepala. Zotsalira za mtanda musaziumbe mpira, zisanjikizeni n'kuyalanso. Matatiwo anabwerera m'firiji mphindi 15, kenako pa thireyi yotentha ija, mphindi 22, chitseko cha uvuni osachitsegula mphindi 15 zoyamba ngakhale mtima ufune bwanji.

Anatuluka momwe amafunikira. Mkombero unakwera kuposa chala, wofiirira, pansi pouma poti ukagogoda ndi chikhadabo pamalira.

Panja azakhali anali atakoleza mbaula. Mtanda wawo, umene yisiti wa mapaketi awiri anali atautupitsa ndithu, anaudula mabulumwa, kufotsera anyezi ndi tchizi m'kati, kutsina pakamwa, n'kuponya m'mafuta. Batala yense uja kuphatikizapo mafuta a m'chiwaya. Chilichonse chinali cholemera moti ukachinyamula dzanja limatsika. Anadzaza lichero.

Alendo atakhala, ndinapereka matati anga pa mbale yagalasi, nditagwada bwinobwino. Amalume a mnyamatayo, bambo wachikulire wa suti yakuda amene anachokera ku Mabvuku, anatenga imodzi n'kuluma. Inaphulika. Tizidutswa tinawaza pa tayi, pa ndevu, pa kapeti, tina m'kapu ya tiyi ya munthu woyandikana nawo. Anayang'ana chotsala m'dzanja lawo, nasuzumira m'kati mwa mkombero, nakutumula jekete pang'onopang'ono.

"Mayi, zikomo," anatero mwaulemu wonse. "Koma mwina munachepekedwa ufa? M'katimu muli mphepo yokhayokha."

Ndisanayankhe, azakhali analowa ndi lichero. Bambo aja anadya chimodzi, mafuta akutsikira m'chigongono, nadya chachiwiri, napempha pepala loti akulungire china cha mayi a kunyumba. Anati chakudya n'chimenechi, chomveka m'mimba kuti munthu wadya. Lichero linatha nkhani ya ukwati isanayambe n'komwe. Matati anga anadyedwa ndi ana kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawamva akupikisana kuti ndani awaze nyenyeswa patali polankhula ali ndi tati m'kamwa.

Madzulo tikutsuka mbale, azakhali anandisisita pamsana.

"Usadandaule, ndikhala mpaka Lachitatu. Mawa tikachoka ku tchalitchi ugule batala wina, ndikuonetse kakandidwe kake."