Lachiwiri: liwu la history ku chipatala, pa foni ndi pa wailesi

Cha m'ma 8 koloko, pa chipatala china chaching'ono, mnyamata wa Fomu 4 amamasulira agogo ake omwe akhala akutsokomola kwa milungu itatu. Dokotala, mlendo m'dziko muno, anafunsa kuti "Any history of TB?" Mnyamatayo anayankha msanga kuti ayi, poti m'maganizo mwake agogo alibe TB, angobwera ndi chifuwa. Namwino ndiye anatsegula buku la kuchipatala n'kupeza kuti agogowo anamwapo mankhwala a chifuwa chachikulu miyezi isanu ndi umodzi zaka zapitazo.

Funsolo silinali la lero. Pakamwa pa wachipatala, history ndi chilichonse chimene thupi lanu linadutsamo, ngakhale munachira kalekale. Ndipo yankho lake limasintha zochita. Munthu amene anamwapo kale mankhwala a TB akayambanso kutsokomola, achipatala amaganizira za TB yosamva mankhwala, choncho makhololo ake amayezedwa ndi cholinga chimenecho. "Ayi" wa mnyamata uja akanawasocheretsa.

Ophunzira zachipatala amaphunzitsidwa kufunsa mafunso amenewa motsatana, ndipo ntchitoyo amaitcha taking a history. Amayamba ndi chimene chakubweretsani, tsiku limene chinayamba, ndiponso chimene chimakulitsa kapena kuchepetsa ululu. Kenako amabwerera m'mbuyo: munagonekedwapo, munachitidwapo opaleshoni, muli ndi shuga, mphumu, khunyu kapena kuthamanga kwa magazi? Amafunsa mankhwala onse amene mukumwa, a zitsamba omwe, ndi amene anakutulutsanipo ziwengo, monga penisilini kapena Bactrim. Akafika pa family history akufunsa matenda a ku mtundu, a makolo okubalani ndi abale a bere limodzi. Shuga wa apongozi anu salowamo, poti si magazi anu. Koma TB ya apongozi omwewo, ngati mumagona nawo nyumba imodzi, itchuleni, chifukwa imeneyo imayenda mu mpweya. M'buku mwanu zonsezi amazilemba mwachidule: Hx ndi history, h/o ndi history of. Mukawerenga "no h/o asthma" ndiye kuti simunadwalepo mphumu, malinga ndi zimene munawauza.

Masana, pa kauntala ya wokonza mafoni mumsika, panali mkangano wa mtundu wina. Mayi wina anasintha foni, mauthenga ake onse a WhatsApp n'kusowa, kuphatikizapo a gulu la banki m'khonde m'mene munali ndondomeko ya ngongole. Iwo ankaganiza kuti mauthengawo amakhala mu simukhadi. Sakhalamo. Chat history imasungidwa m'foni momwemo, ndipo pa foni ya Android imasamukira ku foni yatsopano ngati munatsegula backup, kope la mauthenga losungidwa pa Google Drive, foni yakale isanawonongeke, n'kulowa ndi nambala yomweyo ndi akaunti ya Google yomweyo. Chimodzi mwa izi chikaphonyeka, foni yakale n'kukhalanso kuti inawonongeka kapena palibe, kawirikawiri wokonza mafoni alibe chochita, kaya mumulipire zingati.

Pa zipangizo liwuli limatanthauza kaundula amene makina amalemba okha. Call history ndi mndandanda wa amene munawaimbira ndi amene anakuimbirani. Pa kompyuta, mu Chrome, kudina Ctrl ndi H kumaonetsa masamba onse a pa intaneti amene atsegulidwa, ndipo Ctrl, Shift ndi Delete kumatsegula pofufutira. Wogwiritsa ntchito kompyuta ya pa ofesi kapena ya mu kafe ayenera kudziwa zimenezi asanalowe mu akaunti ya ku banki. Chimene ambiri amalakwitsa ndi kuganiza kuti kufufuta history ndi kufufuta zimene zinachitika. Mwangofufuta mndandanda wa pa chipangizo chanu. Kampani ya foni imakhalabe ndi kaundula wake wa amene munawaimbira, ndipo Incognito, njira yotsegulira masamba mwachinsinsi mu Chrome, imangoletsa kompyutayo kusunga, siimabisa kalikonse kwa mwini netiweki.

Ku banki nkhani ndi yomweyo: credit history ndi mmene mwakhala mukubwezera ngongole. Wogula galimoto yakale ku Japan kapena ku Durban akafunsa service history akufuna mapepala osonyeza nthawi imene oyilo, mabuleki ndi lamba wa injini zinasinthidwa. Konseku wina akufuna kuona zam'mbuyo kuti asankhe chochita lero.

Madzulo kunali zolemba za ophunzira a sekondale zofunika kuchonga, ndipo vuto lake ndi losiyana. Mwana amaloweza kuti history ndi mbiri, basi, n'kumaika history paliponse pamene Chichewa chili ndi mbiri. Wina analemba kuti pa maliro a amalume ake anawerenga "the history of the deceased". Zikumveka ndithu, koma mwini chinenero angati eulogy, kapena obituary ngati yalembedwa m'nyuzipepala. Wina analemba "she has a bad history in our village" pofuna kunena kuti mayiyo ali ndi mbiri yoipa. Apa liwu lofunika ndi reputation. Mbiri yathu ndi yotakata: ndi zakale, ndi kutchuka, ndi nkhani imene yamveka m'mudzi dzulo lomweli. History satenga zonsezi. "Mbiri yake yafika kutali" ndi nkhani ya fame.

Cholakwika chachiwiri chili pa timawu tating'ono totsogolera. Phunziro la m'kalasi, lija ana amati hisitole, silifuna the: "I like history." Mukatchula dziko kapena chinthu, the amabwera: "the history of Malawi". Mukanena za chizolowezi cha munthu, pamabwera a: "he has a history of violence", kutanthauza kuti si koyamba kumenya munthu. Ndipo historic ndi historical si amodzi. Historical ndi chilichonse chokhudza zakale, ngakhale lisiti ya msonkho ya m'nthawi ya atsamunda. Historic ndi chachikulu chimene chidzakumbukiridwa, monga chigamulo cha khoti pa 3 February 2020 chimene chinathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu 2019.

Mtsikana wina anamaliza nkhani yake ndi mfundo yomveka bwino koma yabodza, yoti history ndi "his story", nkhani ya amuna okhaokha. Dandaulo lake lili ndi malo ake, koma gwero la liwuli si limenelo. Linachokera ku Chigiriki, historia, kutanthauza kufufuza, ndipo Herodotus analigwiritsa ntchito potchula kafukufuku wake zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe. Linadzera m'Chilatini ndi m'Chifalansa, ndipo story anatuluka mu muzu womwewo. Tanthauzo lakale la kufufuza lidakalipo mu natural history, imene si mbiri ya anthu koma phunziro la nyama, zomera ndi miyala. N'chifukwa chake Natural History Museum ya ku London yadzaza mafupa a nyama m'malo mwa zithunzi za mafumu.

Usiku, pa pulogalamu ya masewero, owulutsa anakumbutsana za Januwale 2022 ku Cameroon, pamene Flames inafika m'ndime ya matimu 16 ya Africa Cup of Nations koyamba, isanagonje 2-1 kwa Morocco ngakhale Gabadinho Mhango anachinya chigoli chapatali chija. Anati timuyo "made history", kuchita chimene sichinachitikepo, monga momwe amanenera za Joyce Banda atalumbira kukhala pulezidenti woyamba wamkazi wa Malawi mu Epulo 2012. Posakhalitsa mmodzi anati mphunzitsi wa timu ina akagonjanso Loweruka "he is history". Woimba foni wina anatenga mawuwo ngati chiyamikiro, n'kuyamba kutsutsa kuti mphunzitsiyo sanapambanepo chikho chilichonse. Wowulutsa amatanthauza kuti ntchito imuthera.