Majini ndi zaka 100: nkhani yake ndi ya otsala pa sefa

Mtima wakhala pansi tsopano pa phunziro la majini ndi moyo wautali. Chimene chinkasokoneza mutu ndi mawu akuti "jini ya moyo wautali", ngati pali kachidutswa ka DNA kamene kamamuwonjezera munthu zaka. Kafukufuku wambiri sayeza zimenezo, amawerenga amene atsala. Anthu obadwa chaka chimodzi amanka nachepa, ndipo imfa sitola mwachisawawa: allele (mtundu umodzi wa jini) yokokera ku matenda a mtima kapena a Alzheimer imapita limodzi ndi eni ake. Ukamayeza anthu a zaka 100, ukuyeza zotsala pa sefa.

Jini yotchedwa APOE ndiye imaonetsa izi poyera. Ili pa kromozomu 19, ndipo mitundu yake itatu (e2, e3 ndi e4) imasiyana pa ma amino acid, tizidutswa topanga puloteni, a pa malo awiri okha, 112 ndi 158: e2 ili ndi cysteine konsekonse, e4 arginine konsekonse, e3 cysteine pa 112 ndi arginine pa 158.  Mu 1994 Schächter ndi anzake anayeza anthu 338 a ku France amene anafika zaka 100. Mwa iwo e4 inali 5.2 peresenti, pamene mwa anthu ocheperapo msinkhu inali 11.2. Koma e2 inali 12.8 kuyerekeza ndi 6.8. Palibe amene jini yake inasintha atakalamba. Ambiri a e4 sanafikeko basi.

Njira yotsegula mutu ndi tebulo la mabokosi anayi lolemba pamanja: e4 ndi ma allele ena, mwa okalamba ndi mwa ocheperapo msinkhu. Werengani ma allele, osati anthu, chifukwa aliyense ali ndi awiri: anthu 338 ndiye kuti ma allele 676. Gawani 5.2 ndi 94.8 (peresenti ya ma allele enawo), mupeza 0.055. Gawani 11.2 ndi 88.8, mupeza 0.126. Yoyamba mukaigawa ndi yachiwiri, nambala yotchedwa odds ratio ikubwera pafupifupi 0.43. Ikakhala pansi pa 1, allele yachepa mwa okalamba. Kwa ine tebulo limeneli likuposa buku lonse. GWAS, kafukufuku woyeza malo ambirimbiri a DNA nthawi imodzi, ndi tebulo lomweli lobwerezedwa kambirimbiri, n'chifukwa chake malire a p (nambala yothandiza kuona ngati zotsatira sizinangochitika mwamwayi) amatsikira pa 5×10⁻⁸, kutanthauza 0.05 kugawa ndi miliyoni imodzi. Inde amagwiritsa ntchito masamu ena otchedwa logistic regression, koma mutu wake ndi womwewu.

Pamene zimasokonekera ndi pa gulu loyerekezera. Anzawo obadwa nawo limodzi okalambawa anamwalira kalekale, DNA yawo palibe, ndiye ofufuza amatenga obadwa pambuyo, amene anakula ndi mankhwala ena, ndipo ena mwa iwo adzafikanso 100. Kuchokera kwa makolo nakonso kumanamiza: e4 ndi yochuluka kumpoto kwa Europe kuposa kum'mwera, choncho magulu awiri akasiyana kochokera, tebulo lionetsa kusiyana kumene sikukhudzana ndi zaka. Makina nawo amalakwa. Zotsatira za New England Centenarian Study zimene zinatuluka mu Science mu 2010 zinachotsedwa mu 2011 chifukwa ena mwa okalambawo anayezedwa ndi chip (kachipangizo kowerengera DNA) chosiyana ndi cha anzawo, zolakwa za chip n'kuoneka ngati majini. Musanakhulupirire odds ratio iliyonse, onani kaye Hardy-Weinberg (lamulo la mmene ma allele amayembekezeka kugawikira mwa anthu) mwa gulu loyerekezeralo, ndiponso ngati zaka za okalambawo zinatsimikizidwa ndi zikalata.

Chonyansa n'chakuti m'kalasi milungu imathera pa mabokosi a Punnett (oonetsa majini amene ana angatengere kwa makolo), nkhani ya kusankha gulu loyerekezera n'kungoitchula pa mphindi zomaliza, mayeso ali pakhomo. Wina akafunsa, yankho ndi lakuti "kawerengeni nokha". Nthawi yake iti?

Jini ina, FOXO3, sikwana bwinobwino m'fanizo la sefa. Inapezeka kuti ikukhudzana ndi moyo wautali mu 2008 mwa amuna a ku Hawaii ochokera ku makolo a ku Japan, ndipo ndi m'bale wa daf-16, jini imene nyongolotsi ya C. elegans imafuna kuti ikhale moyo wowirikiza kawiri jini ina ya daf-2 ikasintha, monga Cynthia Kenyon anaonetsera mu 1993. Apa zikuoneka ngati chitetezo, osati kungosowa kwa choipa, ngakhale tebulo palokha silingasiyanitse ziwirizi.

Ndiye pali manambala amene sakumvana. Mapasa 2,872 awiriawiri a ku Denmark anaonetsa kuti chibadwa chimafotokoza pafupifupi 25 peresenti ya kusiyana kwa zaka zimene anthu amakhala. Kafukufuku wa 2018 wa mibadwo ya mabanja anatsitsa chiwerengerocho kufika pansi pa 10, ati chifukwa anthu amakwatirana ofanana makhalidwe. Komatu abale aamuna a munthu wa zaka 100 anapezeka ndi mwayi wowirikiza ka 17 wofikanso 100 poyerekeza ndi anthu ena, aakazi ka 8. Mwina majini amayamba kulemera munthu akadutsa 90, mwina ndi ma allele osowa amene chip sichiwaona. Apa tebulo langa la mabokosi anayi langoti duu, ndipo sindinaonebe pogwirira.