Wotchi ya Bambo Anga ndi Munthu Wosadziwika ku Chembe

Bambo anga atamwalira tinapeza kabuku m'thumba la jekete lawo la ku tchalitchi. Munali ngongole zokhazokha. Maina ambiri anali okhwatchidwa, kusonyeza kuti anabweza, koma limodzi linatsala, ndipo pambali pake analemba kuti "Cape Maclear, wotchi". Amayi anangoti, "Ndi mnzawo wa ku Joni ameneyo. Anawabwereka wotchi pobwera kumudzi, mpaka lero." Wotchiyo tinaipeza pansi pa sutikesi, itafa kalekale. Titameta maliro ndinauza amayi kuti ndikabweza ndine.

Mnzanga wina amene amapita ku Mangochi anandinyamula kuchokera ku Lilongwe. Tinadzera ku Dedza n'kutsika msewu wa Khwekhwerere, uja wokhotakhota wogwera ku Golomoti, kumene makutu amatseka ndipo kuzizira kwa ku Dedza kumakuthera m'njira. Ananditsitsa pamphambano pafupi ndi Monkey Bay. Kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18 pa njinga yamoto, kudutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park, anyani atakhala m'mbali mwa msewu ngati akudikira matola.

Mnyamata wa njingayo ndiye anayamba kundiphunzitsa. Nditati ndikupita ku Cape Maclear anandifunsa kuti, "Ku maloji kapena ku Chembe?" Malo ndi amodzi, koma maina ndi awiri. La Cape Maclear anapereka David Livingstone polemekeza mnzake Thomas Maclear, wopenda nyenyezi wa ku Cape Town, ndipo ndi limene lili pa mapu. Eni nthaka amati kwa Chembe. Ngakhale Monkey Bay yomweyo akuluakulu amati Lusumbwe. Ndinamva, ndinaseka, koma sindinadziwe kuti chomwechi chikundidikira pa munthu amene ndimamufuna.

Ndinafika masana, mwera ukuomba. Usipa unali woyanikidwa pa thandala kuyambira uko mpaka uko, amayi akutsuka mbale m'nyanja, anyamata akusoka chilimira pamchenga, chilumba cha Thumbi chili poteropo. Ndinapereka moni kwa asodzi atatu n'kutchula dzina la m'kabuku, loyamba ndi lachiwiri lomwe. Anayang'anizana. Wina anati a mtundu umenewo alipo ambiri, nanga ndikufuna ati? Ndinapita pa golosale, chimodzimodzi. Mayi wogulitsa mandasi anati mwina anamwalira. Dzuwa limapendeka ndili chizungulire, wotchi ili m'thumba, ndipo mtima unayamba kundiuza kuti ndawononga ndalama za thiransipoti pachabe.

Amene anandipulumutsa ndi agogo ena aakazi amene ndinawapeza akusankha usipa pa lichero. Dzinalo sanalilabadire n'komwe. Anandifunsa kuti, "Mwanawe, munthu wakoyo anachita chiyani?" Ndinati anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni limodzi ndi bambo anga, nthawi ya TEBA, bungwe lija lolemba anthu ntchito za ku migodiko. Anaika lichero pansi. "Ukunena a Ayikona! Bwanji osangonena?"

Kwa amene simunakule ndi amatchona: ayikona ndi mawu a Chifanakalo, chinenero cha m'migodi, ndipo amatanthauza kukana kwa mtu wa galu. Akuti mkuluyu atabwerako anagula bwato, ndipo wogula nsomba aliyense akati atsitse mtengo, yankho linali lomwelo, ayikona. Padutsa zaka zoposa makumi atatu. Zidzukulu zawo ndi za a Ayikona, bwato lawo ndi la a Ayikona, ngakhale kanjira kopita kwawo n'ka kwa a Ayikona.

Agogowo anatuma kamtsikana kuti kandiperekeze, koma asanandilole anandikhazika kaye pa mphasa, poti mlendo sapita osamva za m'mudzi. Anandiwerengera anthu a mbali yawoyo mmodzimmodzi. Kuli wina amamutcha Mwera chifukwa akapsa mtima palibe bwato lopita panyanja. Kuli Siginala, amene anasiya kalekale ntchito yonyamula nyali zokopera usipa usiku, koma dzina linamukanirira. Kuli mayi wina dzina lake Mawa, ndipo simufunika kuuzidwa kuti ngongole amabweza liti. Ena maina awo ndi oti sungawatchule mwini ali pomwepo; mudzi wonse umawadziwa, mwini yekha ndiye amanamizira kusamva.

Pamenepa ndinaganiza za mmene ife timatchulirana. Munthu wamkulu sumuitana ndi dzina lake la paubwana, n'chipongwe. Mayi akabereka amasanduka make uje, bambo nkukhala bambo a uje. Ukafuna kulemekeza umatchula mfunda: a Phiri, a Banda, Nabanda, Nambewe, Nangondo. Wolowa chinamwali kale amatuluka ndi dzina latsopano, lakale lija n'kuikidwa m'manda. Ndiye dzina limene a kalembera analemba pa chiphaso cha unzika mu 2017 limagwira ntchito ku banki, ku chipatala ndi pa mzere wa makuponi, basi. Koma m'mudzi mwa a Phiri makumi asanu, mfunda sungakuthandize kupeza khomo. Chotsala ndi dzina la zochita zako, ndipo limeneli sudzisankhira.

Si za kumudzi zokha. Dziko lonse timati Atcheya, Amayi, Adadi, ndipo palibe amene amafunsa kuti ndani. Malemu Gwanda Chakuamba anali Mbuya, malemu Bingu anali Chitsulo cha Njanji. Kusiyana kwake n'kwakuti maina a andale ambiri amayambira kwa owaimbira m'manja. La kumudzi limachokera kwa anthu amene anakuona ukugwa m'madzi, ndipo sanaiwale. Ine ndimakhulupirira la kumudzi.

A Ayikona ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde, maso akuoneka kuti ayamba kuchita khungu. Titapatsana moni anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ndinatchula dzina la bambo anga monse mmene lilili pa mtanda wa pamanda. Anapukusa mutu. Ndinatchula mudzi wathu, boma lathu. Anati anthu a ku Lilongwe analiko ambiri ku komponi. Manyazi anandigwira, kamtsikana kaja kakundiyang'ana ngati wakuba. Ndiye ndinatulutsa wotchi.

Anaigwira, naitembenuza, napapasa pamene lamba anasokedwa ndi waya. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola. "Mabalani! Iwe ndiwe mwana wa Mabalani?"

Dzina limeneli ndinali ndisanalimvepo chibadwire. Mabalani ku mgodi ndi kalaliki, wolembera. Bambo anga sanali kalaliki, ankalowa pansi ngati anzawo onse, koma anali atafika Sitandade 8, ndipo Lamulungu lililonse anthu amandandalika pa bedi lawo kuti awalembere makalata opita kumudzi. A Ayikona anati kalata yofunsira mbeta mayi a m'nyumba mwawo analemba ndi Mabalani, ndipo anawonjezeramo mawu okoma amene iwo sananene. "Mkazi ameneyu anakwatiwa ndi cholembera cha abambo ako," anatero, mayiwo akuseka kukhitchini. Bambo amene ine ndinkawadziwa anali mkulu wa mpingo wosaseka wambawamba, wotiwerengera machesi. Sindinkadziwa kuti analembapo kalata yachikondi ngakhale imodzi.

Tinacheza mpaka mdima. Anandifotokozera za ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu a ku migodi TEBA isanabwere, imene inagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendo wa ku migodi; za mmene njira inatsegukiranso pansi pa TEBA, iwo ndi bambo anga n'kupita; ndi mmene zonse zinathera cha mu 1988. Anzawo a ku komponi anawatchula ambiri, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anamutchula ndi dzina la ubatizo. Nditawauza kuti Mabalani tinawaika mwezi watha, anakhala chete nthawi yaitali, ukonde uli pa maondo. Panyanja nyali za asodzi zinali zitayamba kundandalika ngati tauni.

Ndinagona pa mphasa m'nyumba mwawo, nditadya nsima ya utaka. M'mawa ndisananyamuke ndinakaona manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika kuno mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 malungo atawathetsa mphamvu. Sindinakhalitse, chifukwa wa njinga uja anali atalonjeza kufika 9 koloko.

Potsanzikana a Ayikona anatulutsa wotchi ija n'kuiika m'dzanja langa. Ndinati ndi yanu, agogo, ndabwera kudzabweza, bambo analemba okha m'kabuku. Ndinayesa kuibweza m'dzanja lawo kachiwiri.

"Ayikona," anatero.

Kamtsikana kaja kanathamanga patsogolo pa njinga kakukuwa kwa anzake kuti mwana wa Mabalani akupita. Kabuku ka bambo kali pano pa tebulo, ndipo dzina lija sindinalikhwatche. Ndangolemba lina pambali pake.