Zikomo inu amene munandithandiza kupeza chimene chinkazimitsa kompyuta yanga

Lero ndi tsiku la 21 kompyuta yanga ikugwira ntchito osazima yokha, ndiye ndati ndisakhale chete, ndithokoze poyera anthu amene munandigwira dzanja pa miyezi itatu imene ndinavutika nayo. Ine ndimakonza mavidiyo a anthu, ndipo kompyuta ya patebuloyi ndiye khasu langa. Ikaima, ntchito yonse yaima.

Vutoli linayamba ngati laling'ono. Kamodzi pa sabata sikirini inkasanduka ya buluu, n'kulemba timawu, kompyuta n'kuzima n'kuyakanso yokha. Kenako zinafika kawiri kapena katatu pa tsiku. Tsiku limene sindidzaiwala ndi limene ndinamaliza vidiyo ya mphindi 40 usiku, mwini wake akuiyembekezera m'mawa. Ili m'kati mosungidwa, itafika pa 87 peresenti, buluu uja anabwera. Nditayatsanso, fayilo ya ntchito yonseyo inakana kutseguka. Ndinakhala pampando manja ali m'mutu mpaka kunja kunayera.

Pa nthawiyo ndinkangogwira apa ndi apo. Ndinasakasaka ma virus, ndinasintha ma driver (timapulogalamu timene timalumikiza Windows ndi zipangizo za kompyuta), ndinayendetsa sfc /scannow yofufuza ndi kukonza mafayilo a Windows, mpaka ndinafufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Inakhala bwino masiku awiri okha, la chitatu n'kuzimanso.

Oyamba kuwathokoza ndi achimwene anga. Achimwene, munandiuza mawu amene poyamba ndinawaona ngati ochedwetsa: ndisiye kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipeze kope, ndizilemba tsiku, ola, chimene ndinkachita ndi mawu amene alembedwa pa sikirini ya buluuyo. Patatha masabata awiri, kope lija linali ndi MEMORY_MANAGEMENT kanayi, IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL katatu, PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA kawiri, ndi ena apo ndi apo. Ine ndinkakakamira pa Kernel-Power 41 imene ndinkaiona mu Event Viewer, mmene Windows imalembamo zochitika zake, poganiza kuti ndiye gwero la zonse. Munandifotokozera kuti uthenga umenewo umangonena kuti kompyuta inazima mosayenera, sunena chimene chinaizimitsa. Kenako munatenga timafayilo ta mu C:\Windows\Minidump, timene Windows imalemba buluu uja akabwera, n'kutitsegula ndi pulogalamu ya WinDbg, ndipo fayilo iliyonse inkaloza kwinakwina, zingapo zikutchula ntoskrnl.exe, womwe ndi mtima wa Windows weniweniwo. Apa ndi pamene munanena chinthu chimene chinanditsegula maso. Driver ikakhala yolakwika, kawirikawiri dzina lake limabwerabwera. Koma mayina akamasinthasintha chonchi, ndiye kuti mapulogalamuwo akungopunthwa pamalo poipa, ndipo tiyenera kukayikira zipangizo za m'kati, makamaka RAM, mmene kompyuta imasungamo kwa kanthawi zimene ikugwiritsa ntchito.

Alamu, inu munabwera Loweruka ndi kasikuludiraiva kanu. Musanagwire chilichonse munazula chingwe cha magetsi, n'kudina batani loyatsira kwa kanthawi, n'kugwira chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi asawononge tizipangizo. Titatsegula, fumbi linali litaundana pakati pa fani ndi zitsulo zoziziritsa purosesa, lochita kusendeka ngati kansalu. Phala loziziritsa limene limapakidwa pa purosesa linali litauma gwa, likunyenyeka ngati choko. Munapukuta, n'kupakapo latsopano kadontho kamodzi pakati. Kutentha kumene pulogalamu ya HWiNFO inkaonetsa kupitirira madigiri 90 ndikamakonza vidiyo kunatsika kufika cha m'ma 70. Kompyuta inazimabe Lolemba lake, ndipo ndinamva m'mawu anu pafoni kuti mwakhumudwa. Musatero alamu. Ntchito yanuyo inachotsa kutentha pa mndandanda wa zokayikitsa, komanso ndi inu munandiletsa kutsegula bokosi la power supply, limene limagawa magetsi m'kompyuta, chifukwa ma capacitor a m'katimo amasunga magetsi ngakhale chingwe chitazulidwa. Ndikanaika dzanja mmenemo osadziwa.

Mnzanga amene timagwira naye ntchito yofanana anandibwereka power supply yake kwa sabata yathunthu, iye n'kumagwiritsa ntchito laputopu. Vuto silinasinthe, ndipo disiki nayo pulogalamu ya CrystalDiskInfo inaonetsa kuti ili bwino. Mnzanga, kukoma mtima kumeneko sindikutenga mopepuka.

Chimene chinatsala ndi RAM. Achimwene munandiikira MemTest86 pa fulashi. Pulogalamu imeneyi imayaka payokha popanda Windows, imalemba manambala m'malo onse a RAM n'kuwawerenganso kuti ione ngati abwerera monga analembedwera. Ulendo woyamba unatha popanda cholakwika, ndipo ndinatsala pang'ono kuizimitsa, koma munati ndiisiye izungulire maulendo onse anayi. Ndinakagona. Nditadzuka cha m'ma 4 koloko m'mawa n'kusuzumira, ndinapeza mizere yofiira itandandalika pa sikirini. Sindinaganizepo kuti ndingasangalale poona zofiira, koma ndinasangalala ndithu, chifukwa kwa nthawi yoyamba vutolo linali ndi malo ake.

Ngakhale apo munandiletsa kuthamanga. Choyamba tinalowa mu BIOS, mmene mumasinthidwira kagwiridwe ka zipangizo Windows isanayake, n'kuzimitsa XMP, imene imakweza liwiro la RAM, kuti liwirolo litsike kuchoka pa 3200 kubwerera pa 2133, popeza nthawi zina liwiro lokweralo ndi limene limabweretsa zolakwika. Zofiira zinabwerabe. Kenako ndinachotsa kandodo kamodzi ka RAM mwa tiwiri ta 8 GB, n'kuyesa kotsalako pakokha: maulendo anayi, koyera. Ndinaika kandodo kachiwiri pa malo omwewo: zofiira pasanathe ola. Ndinakasamutsira pa malo ena, zofiira zinakatsatira komweko. Choncho bolodi imene tindodoti timalowamo inalibe mlandu, Windows inalibe mlandu, kandodo kamodzi kokha ndi kamene kanali kowonongeka.

Nditadziwa zimenezi, zonse za m'kope lija zinagwirizana. Polemba kalata kapena kuwerenga nkhani pa intaneti kompyuta sinkadzaza RAM, ndiye malo owonongekawo nthawi zambiri sankafikidwa. Pokonza vidiyo RAM inkadzaza, chinachake n'kugwera pamalo oipawo, kaya ndi driver, kaya ndi mbali ya Windows, kaya ndi ntchito yanga. N'chifukwa chake mayina ankasinthasintha, ndipo n'chifukwa chakenso kuikamo Windows mwatsopano sikunathandize.

Kwa mayi a kunyumba, zikomo chifukwa chopirira phokoso la mafani usiku wonse, komanso chifukwa cha usiku wa vidiyo ija pamene munadzuka n'kukhala pambali panga osanena kanthu. Kwa inu amene ndinakuchedwetserani ntchito zanu, makamaka mwini vidiyo ya mphindi 40 ija amene munandipatsa masiku atatu owonjezera popanda mawu okhadzula, Mulungu akudalitseni. Munali ndi ufulu wopita kwina, koma munadikira.

Ndinagwira ntchito ndi 8 GB yokha kwa sabata imodzi, pang'onopang'ono koma osazima, mpaka nditapeza tindodo tiwiri tatsopano tofanana. Ndisanatsegule vidiyo iliyonse ndinatiyesa kaye ndi MemTest86 usiku wonse, ndipo m'mawa munalibe mzere wofiira ndi umodzi womwe. Kandodo kowonongeka kaja ndakamata tepi yofiira n'kukaika m'dirowa kuti kasadzasakanikirane ndi tabwino. Achimwene, fulashi yanu ndibweretsa Lamlungu.