Kukambirana ndi amalume za othamanga osaona

Tsiku lonse lapita ndi ntchito zina, koma chimene chandikhalira mu mtima ndi zokambirana zimene ndinali nazo ndi amalume madzulo ano. Ndinawaonetsa pa foni mpikisano wa mamita 100 wa othamanga osaona pa Paralympics, masewera a dziko lonse a anthu olumala, pamene wothamanga aliyense amamangidwa m'maso ndipo amagwirana kachingwe ndi mnzake woona amene amamutsogolera. Amalume anaonera mwachidwi mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu nati, "Mwanawe, anthu ovutikawa akuwazunziranji chonchi? Bwanji osangowasiya akhale pansi apumule?"

Ndinadziwa kuti mawuwo anachokera mu chifundo chenicheni, komabe anandipweteka, chifukwa anthu amene tinkawaonerawo sanakokedwe ndi wina kubwera pa bwalo. Iwo anakhala zaka zambiri akudzuka m'mamawa kukachita zokonzekera, akuwerenga masekondi ndi kupikisana kuti dziko lawo liwasankhe. Ndinawauza amalume za Abdellatif Baka wa ku Algeria, wothamanga wosaona bwino, amene anapambana mpikisano wa mamita 1500 ku Rio de Janeiro m'chaka cha 2016 pa nthawi ya 3:48.29, pamene Matthew Centrowitz, amene anatenga mendulo ya golide pa mtunda womwewo pa Olympics ya chaka chomwecho, anathamanga 3:50.00. Anthu anayi oyamba pa mpikisano wa Baka onse anaposa nthawi imeneyo. Ndinawafotokozeranso kuti mpikisano wa Olympics uja unayamba pang'onopang'ono chifukwa othamanga ankasungirana mphamvu za kumapeto, choncho nthawi ziwirizi sizingayerekezedwe mwachisawawa, koma munthu wothamanga liwiro lotere sangatchedwe wovutika woyenera kukhazikidwa pansi.

Apa amalume anatembenuka nati, "Ndiye kuti ndi zozizwitsa basi, anthu amenewa si anthu wamba." Yankho limeneli silinanditonthoze konse. Poyamba anawamvera chisoni, kenaka anawasandutsa chodabwitsa, ndipo m'njira zonse ziwiri wothamangayo amaikidwa patali, osaonedwa ngati katswiri amene tingamuyamikire akachita bwino ndi kumudzudzula akachedwa kunyamuka kapena akataya mpikisano chifukwa cha kusaganiza bwino. Ndimaona zomwezi kwa olemba nkhani ambiri, amene amadzaza tsamba lonse ndi mbiri ya ngozi kapena matenda a munthuyo, nkuiwala kutchula nthawi imene wathamanga. Zimenezi zimandikwiyitsa kwambiri kuposa mawu a amalume, pakuti olembawo ndi ntchito yawo kudziwa.

Sindikukana kuti zinthu zasintha. Pamene Ludwig Guttmann anayamba kuchiza asilikali ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu ambiri ankaona odwala oterowo ngati ongodikira imfa. Pa 29 Julaye 1948, tsiku limene Olympics inkatsegulidwa ku London, iye anakonza mpikisano wa uta ndi mivi wa anthu 16 okha oyenda pa njinga za olumala. Mpikisano umenewu unakula, ndipo pofika 1960 ku Rome, pa masewera oyamba a Paralympics, kunasonkhana ochita masewera pafupifupi 400 ochokera m'maiko 23, ndipo kuyambira ku Seoul mu 1988 masewerawa amachitikira mu mzinda womwewo ndi Olympics. Ku London mu 2012 matikiti oposa 2.5 miliyoni anagulidwa, kutanthauza kuti anthu analipira ndalama zawo kuti akaone mpikisano, osati kukapereka chithandizo. Komabe kudzaza kwa bwalo kwa masiku owerengeka sikufika msanga m'maganizo a munthu amene sanaonepo wolumala akupatsidwa mpira kusukulu, ndipo mwana wolumala amene amauzidwa kuti asunge zovala za anzake pa nthawi ya masewera sadzakhala Baka, ngakhale atakhala ndi luso lotani.

Titakhala chete kwakanthawi, amalume anapempha kuti ndiwabwezerenso mpikisano uja. Ulendo uno anafunsa funso lina: "Nanga ngati wotsogolerayo ali ndi liwiro kuposa mnzake, sangamukoke kuti apambane?" Ndinawayankha kuti malamulo amaletsa kukoka kapena kukankha, ndiponso wotsogolera akadutsa mzere womaliza mnzake asanadutse, onse awiri amachotsedwa mu mpikisano. Nditawauza kuti kuyambira 2012 otsogolera nawonso amalandira mendulo, anatsutsa mwamphamvu, ponena kuti mendulo ndi ya mwini mpikisano yekha, ndipo wotsogolera ndi wothandiza chabe. Ine ndinaumirira kuti kuthamanga phazi ndi phazi ndi munthu wina pa liwiro lotere, kwinaku ukumuuza pamene ali ndi pamene anzake ali, ndi luso lofunika zaka kuti ulidziwe.

Tinatsutsana mpaka mdima, ndipo sitinagwirizane. Chimene ndikulephera kuchimvetsa pamene ndikulemba izi ndi chakuti kodi amalume asinthadi maganizo, kapena angokonda mtsutso monga mwa chizolowezi chawo. Potsanzikana ananenanso kuti zimawamvetsabe chisoni, koma anawonjezera kuti wothamanga wa mu mzere wapakati akanapambana akanakhala kuti wotsogolera wake sanachedwe kunyamuka.