VT220 yanga yayamba kugwira ntchito

Abale anga a kuno ku Johannesburg, ndikukudziwitsani kuti VT220 imene ndinagula kwa bambo wina wogulitsa zipangizo zakale ku Rosettenville tsopano ikugwira ntchito, ndipo ndailumikiza ku kompyuta yaing'ono yotchedwa Raspberry Pi, yokhala ndi pulogalamu yoyendetsera kompyuta ya Linux. Makinawa, amene kampani ya DEC inatulutsa mu 1983, ali ndi sikirini ndi kiyibodi basi, ndipo ntchito yeniyeni imachitikira pa kompyuta ina. Pofunika kusamala kwambiri ndi pa magetsi, chifukwa mapini olumikizira a Raspberry Pi amayendera 3.3V pomwe RS-232, njira imene VT220 imalumikizirana ndi kompyuta, imaposa pamenepo, moti mukapanda kuika kachipangizo kosintha mphamvu ya magetsi ka MAX3232 pakati, Pi ikhoza kupsa. Liwiro lotumizira uthenga ndaika 9600 baud, ndipo zilembo zobiriwira zikuoneka bwinobwino m'mizere yonse 24. Amene muli ndi makina otere musawataye, chonde ndiuzeni kuti tidzawayese limodzi.