Kugona mu tenti ndi kukwera hatchi pa phiri la Zomba

Ndikamakonzekera ulendo wa pamwamba pa phiri la Zomba ndimayamba ndi zovala, osati tenti. Tauni ya Zomba ili pokwera mamita pafupifupi 900 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe nsonga yaitali ya phirili, Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye amene wachoka kumsika atavala kamalaya kokha, dzuwa likangolowa amayamba kunjenjemera. Juzi, jekete yosalowa madzi, chipewa chofunda ndi masokosi ogona nawo sindisiya ngakhale mu Okutobala.

Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ngakhale mu Juni ndi Julayi chiperoni chimatha kukuta phiri lonse ndi nkhungu ndi mvula yowaza kwa masiku angapo. Seputembala mpaka Novembala kumafunda, koma ndi nyengo ya moto wolusa ndipo utsi umabisa zigwa. Dzinja misewu ya m'nkhalango imaterera, hatchi nayo imavutika.

Zakudya ndi gasi ndimagula m'tauni. Pamwamba mupezako sitiroberi, mabulosi, magalagadeya ndi mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu, koma musayembekezere kukapezako mchere kapena machesi. Ndimanyamuka m'mawa kuti pofika 2 koloko masana ndikhale nditafika, chifukwa m'nkhalango ya paini mdima umafulumira. Msewu wa tala wokwera ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri pomwe pali hotela, ndi wokhotakhota, ndipo mumakumana ndi anthu otsika ndi nkhuni panjinga. Woyendetsa galimoto asadule makona. Wamphamvu zake atha kukwera wapansi pa kanjira kotchedwa Potato Path, koma katundu atsogoze pa galimoto kapena njinga yamoto. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi Dipatimenti ya Zankhalango, choncho sindikhoma tenti pena paliponse. Ndimagona pamalo ovomerezeka, monga cha ku Trout Farm, malo amene anakonzedwa kuti aziwetapo nsomba, nditafunsiratu pafoni ngati pali madzi, chimbudzi ndi mlonda wa usiku.

Posankha pokhoma tenti ndimayang'ana m'mwamba ndisanayang'ane pansi. Paini wokalamba amakhala ndi nthambi zouma zimene zimathyoka mphepo ikaomba, komanso amadontha madzi a nkhungu usiku wonse ngakhale mvula isanagwe. M'mphepete mwenimweni mwa mtsinje wa Mulunguzi ndi mokongola, koma mpweya wozizira umatsikira komweko, ndipo mvula ikagwa kumtunda madzi amakwera msanga. Ndimasankha pokwererako pang'ono, mutu kumtunda, khomo litafulatira mphepo.

Zikhomo n'zimene zimagwetsa matenti ambiri kuno. Pansi pa paini pali masamba ouma ounjikana, ndipo chikhomo chikalowa m'menemo chimaoneka ngati chagwira pomwe sichinafike padothi. Ndimapalasa masambawo kaye, n'kukhomera chikhomo chopendekera kutali ndi tenti, mwina madigiri 45, kenako n'kukoka chingwe. Pepala la pulasitiki loyala pansi lisatulukire kunja kwa tenti. Likatulukira limatunga madzi n'kuwalowetsa pansi pa msana wanu. Timawindo ta pamwamba ndimatisiya totsegula ngakhale kukuzizira, apo ayi mpweya wa anthu ogona umasanduka madzi pansalu, m'mawa mabulangete n'kukhala onyowa. Ndipo kuzizira kwambiri kumachokera pansi. Kamatiresi kopyapyala kamathandiza kuposa bulangete lachitatu pamwamba.

Pa moto sindinyengerera munthu. Ndimaphika pa kachitofu ka gasi. Ngati pamalopo amalola moto wa nkhuni, ndimasonkha pomwe ena anasonkhapo kale, nditasesa masamba onse mpaka padothi, mamita awiri mbali zonse, ndowa ya madzi ili pafupi. Nkhuni za paini zili ndi utomoni, zimathetheka n'kuponya moto patali, ndipo masamba ake amatha kunyeka mobisika pansi kwa maola ambiri. Pogona ndimathira madzi, kutakasa phulusa, kuthiranso, mpaka dzanja likhoza kugwira. Kukwirira ndi dothi sikuzimitsa.

Madzi ndimawerengera malita anayi pa munthu patsiku. A mumtsinje ndimawiritsa mphindi zitatu atayamba kubwadamuka, popeza pamtunda wotere madzi amawira asanafike madigiri 100. Chifukwa chomwecho nyemba zimachedwa kupsa n'kukuthera gasi. Nyamulani mpunga, mazira, usipa kapena soya. Kumbukiraninso kuti damu la Mulunguzi ndi limene limamwetsa mzinda wa Zomba. Mbale nditsukira kutali ndi mtsinje, ndipo kudzithandiza n'kuchimbudzi basi. Chakudya chimagona m'galimoto kapena m'bokosi lotseka bwino. Anyani akangoona nthochi mu tenti sasamala zoti pali zipi.

Za hatchi ndimapangana ndi eni khola tsiku lisanafike, ndipo ndimasankha m'mawa, hatchi zisanatope, nkhungu ikangoyamba kuchoka. Adzakufunsani kulemera kwanu ndi ngati munakwerapo. Nenani zoona. Hatchi siyenera kusenza zopitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, kuphatikizapo chishalo, ndipo amene wanama kuti ndi katswiri amapatsidwa hatchi yosachedwa kuthamanga. Woyamba kumene, ola limodzi ndi lokwana. Ntchafu zidzakuuzani mawa lake.

Valani thalauza lalitali lopanda msoko wokhuthala mkati mwa mwendo, ndi nsapato zotseka zokhala ndi kachidendene kakang'ono kuti phazi lisalowerere m'chopondera, chitsulo chimene wokwera hatchi amapondapo. Masilipasi ayi. Amayi, chitenje muchimange mukatsika, chifukwa chikamakupizika ndi mphepo chimadzidzimutsa hatchi. Helemeti ikhale yothina bwino, lamba wake atamangidwa pansi pa chibwano.

Ndimayandikira hatchi cha paphewa lakumanzere ndikuyankhula nayo, chifukwa siona bwino chimene chili kumbuyo kwake kwenikweni kapena pamphumi pake penipeni. Ndisanakwere ndimayesa lamba wa pamimba pa hatchi womangira chishalo: zala ziwiri zilowe mothina, osapitirira apo. Hatchi zambiri zimatupitsa mimba pomangidwa, ndiye tikayenda mphindi zisanu kapena khumi ndimapempha wotsogolera kuti aonenso lambayo. Anthu ena amene amagwa pamtsetse sagwetsedwa ndi hatchi, koma ndi chishalo chimene chapendekeka. Kutalika kwa chopondera ndimayesa ndi mkono: nsonga za zala pomwe lamba wake wamangirira, chitsulo chifike m'khwapa. Kenako phazi lamanzere m'chopondera, zingwe zowongolera hatchi ndi ubweya wa pakhosi pake m'dzanja lamanzere, mwendo wamanja kudutsa pamwamba osagunda mbuyo ya hatchi, n'kukhala pang'onopang'ono. Chopondera chikhale pansi pa mbali ya kutsogolo ya phazi, chidendene chitatsika. Zingwe musazikulunge padzanja.

M'nkhalango muli zake. Pakati pa hatchi yanu ndi ya patsogolo pakhale mpata wokwana hatchi ina, chifukwa yoyandikiridwa kwambiri imaponya mateche. Pokwera chitunda ndimaweramira kutsogolo pang'ono n'kumasula zingwe kuti itambasule khosi. Potsika ndimakhala chilili, msana wolingana ndi mitengo ya paini imene ndikuidutsa, osailola kuthamanga. Nthambi ikatsika, gonerani pakhosi pa hatchi, osati chagada. Hatchi imayeza mpata pakati pa mitengo ndi thupi lake lokha, bondo lanu silidziwa, choncho ikankhireni kumbali ndi mwendo musanafike pamtengo. Ikayamba kubudula udzu, musalimbane nayo ndi manja okha. Ifinyeni ndi miyendo ipitirize kuyenda.

Chimene chimadzidzimutsa hatchi kawirikawiri pa phirili ndi anthu osenza matabwa kapena mitolo yaitali ya nkhuni pamutu, makamaka akatulukira mwadzidzidzi pakona. Ndimawapatsa moni mokweza, "Mwadzuka bwanji mayi?" kapena "Wawa bambo", akangoyankha hatchi imazindikira kuti ndi munthu n'kukhazikika. Lole ya mitengo ikamabwera, timapatuka, n'kutembenuza hatchi kuti iziona loleyo. Ikadumphira kumbali, musakuwe kapena kuipana ndi zidendene, chifukwa kwa iyo kumeneko n'kuiuza kuti thamanga. Khalani mozama m'chishalo, kokani chingwe chimodzi izungulire.

Hatchi yoyenda bwinobwino imatha makilomita pafupifupi asanu ndi limodzi pa ola, ndiye kambiranani ndi wotsogolera zimene nthawi yanu ingafikire. Mathithi a Williams ndi damu la Chagwa ali mkati mwa nkhalango. Kum'mawa kuli malo awiri oonerapo patali: Queen's View, pomwe amayi a Mfumukazi Elizabeth anaimapo mu 1957, ndi Emperor's View, pomwe Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, anafika mu 1965. Kukayera mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Dzenje lakuya lotchedwa Chingwe's Hole lili kumadzulo, kutali, ndipo kwa woyamba kumene ndi bwino kupitako pa galimoto kapena wapansi. Pamalo a phompho ndimatsika pa hatchi kaye, zithunzi pambuyo.

Potsika pa hatchi tulutsani mapazi onse awiri m'zopondera, weramirani kutsogolo, dutsitsani mwendo wamanja, mufike pansi mawondo atapindika. Mukabwerera ku tenti fufuzani nkhupakupa kuseri kwa mawondo, m'chiuno ndi m'khwapa. Tentiyo muipasule dzuwa litaumitsa mame, ndipo ngati nkhungu yakana kuchoka, mukaiyanike tsiku lomwelo mukafika kunyumba isanachite nguwi.